Kampopi ka kudenga kanandilekanitsa ndi mwana

Inu owerenga, manja angawa ndi amene anandichotsa pogona, ndipo lero mwana wanga akuleredwa ndi ena. Sindinabe, sindinamenye munthu. Ndinangofuna kukongoletsa nyumba ya Mulungu monga timachitira kwathu.

Zinachitikira ku Middlesbrough. Mapepala anga okhalira m'dziko muno atatha, ntchito yokolopa m'maofesi inathanso, ndipo mwini nyumba anatitulutsa ine ndi mwana wanga Tadala, yemwe anali atangoyamba kumene sukulu. Mantha anga anali amodzi: a boma oona za ana akadziwa kuti tilibe pogona, andilanda mwana.

Nthawi imeneyo mpingo wathu wa Amalawi unali utapeza malo m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ina yakale yosanja yomwe ankasungiramo makapeti. Abambo a mumpingo ankakonza okha malowo Loweruka lililonse, kupenta ndi kukhoma mabenchi, ngati pa chitukuko cha kumudzi. Abusa anandimvera chisoni nandipatsa kachipinda kuseri kwa guwa. Anati, "Mayi, khalani muno mwakachetechete, akunja asadziwe." Tinayala matiresi, ndinaika hita ndi kambaula kamagetsi, moyo n'kumapita.

Kudenga kunali mapaipi ofiira, ndipo apo ndi apo panali timipopi tokhala ndi kagalasi kakang'ono pakati. Ndi aja amati masipirinkala, othira madzi okha moto ukabuka. Nkhani yake inakambidwapo pamsonkhano wa mpingo. Mkulu wina anati anamva kuti lamulo la zomangamanga kuno silikakamiza matchalitchi kukhala ndi zimenezi, choncho mapaipiwo ndi zotsalira chabe za eni makapeti, mulibe ndi dontho lomwe. Abusa anavomera, tonse tinagwedeza mitu. Palibe anapita kukhonsolo kukafunsa, pakuti ambirife maofesi a boma tinkawaopa.

Ine kwathu ku Ndirande ndinkadziwika ndi zokongoletsa maukwati. Mukudziwa inu mmene timachitira: nsalu zoyera ndi zofiirira zimachokera pakati pa denga kugwera m'makoma, denga osaoneka n'komwe. Ndinati njira yothokozera mpingo ndi imeneyi, mapaipi onyansawo abisike. Loweruka masana, mawa lake kuli mwambo wotsegulira tchalitchi, ndinakwera makwerero chingwe chili kukamwa. Poyang'ana pomangirira, timipopi tija tinaoneka ngati anaikira ine dala. Ndinakulunga chingwe pa kamodzi, n'kukoka mwamphamvu kuti nsalu ikungike.

Kagalasi kanangoti phwa. Madzi akuda, onunkha dzimbiri, anandimenya kumaso, pang'onong'ono ndikanagwa pamakwerero. Belu linayamba kulira nyumba yonse. Abambo anathamanga uku ndi uku kufuna potsekera madzi, koma palibe ankadziwa pomwe pali. Ine za madzizo sindinaziganizenso. Ndinathamangira kukachipinda kuti ndikabise katundu, koma tandiuzani, matiresi mungawabise pati?

Ozimitsa moto atafika anatseka madzi, kenako anayendera chipinda chilichonse monga mwa ntchito yawo. Anapeza Tadala atakhala pamatiresi pafupi ndi hita, poto ali pambaula, yunifomu yake itayanikidwa pachingwe. Mkulu wawo sanakalipe. Anafotokozera abusa kuti n'zoona si tchalitchi chilichonse chimene chimafunika masipirinkala, koma chathu chili pamwamba ndipo masitepe otsikira ndi amodzi okha, ndiye chitetezo chathu chinali madzi omwewo. Kuphimba timipopito ndi nsalu kunali kuika moyo wa mpingo wonse pachiswe. Anawonjezera kuti malo opempherera ndi malo ogona ali ndi malamulo osiyana, ndipo muno simuyenera kugona munthu ngakhale kamodzi. Anatseka nyumbayo mpaka a khonsolo adzaione.

Ndinagwada m'madzi momwemo, ndinagwira mwendo wa mkulu wa ozimitsa moto uja ndikulira. Ndinamupempha kuti za mwana zokha asakanene kuboma. Anandidzutsa mwaulemu, nati sangabise zomwe waona ndi maso ake. Chibadwire sindinasowepo chogwira ngati tsiku limenelo.

Sindinadikire kuti a boma abwere. Dzuwa lisanalowe, amayi ena a mumpingo omwe ndi namwino ku Newcastle anamutenga Tadala pagalimoto yawo kuti akakhale naye ngati wawo. Mwana anakakamira bulauzi langa mpaka batani linathothoka. Kuyambira pamenepo ine ndimagona pamipando ya anthu, lero kuno mawa uko, ndipo ena mumpingo sandiyankhanso moni poti ndinawatseketsa tchalitchi.

Abale anga amene muli kunja kuno, mukapeza nyumba yopemphereramo musamayendere za "ndinamva kuti". Tumani mmodzi amene mapepala ake ali bwino akafunse kukhonsolo musanakhome ndi msomali umodzi womwe. Chilichonse chimene mwachipeza kudenga, musachiphimbe, musamangirirepo kanthu, ngakhale chioneke chakufa. Ndipo inu abusa, munthu akasowa pogona mufunireni malo m'makomo mwa akhristu, musamubise m'tchalitchi.

Tadala ndimamuona mwa kamodzikamodzi, ndikapeza wondinyamula. Ulendo wathawu nditatsanzika sanalire. Anangondikwezera dzanja pakhomo, ndipo amayi aja atamuitana m'nyumba, anatembenuka msangamsanga n'kuwayankha kuti, "Mami."