Laibulale ya Ada Longwe Inalibe Fumbi

Mukafunsa aliyense pakati pa Chintheche ndi Kande kuti munthu waukhondo kuposa onse ndani, akuuzani kuti ndi a Misheck Longwe, kapena Ada Longwe, poti kuno bambo amati ada. Ine sinditsutsa. Ndapemphera nawo mpingo umodzi zaka khumi ndi zisanu, chibwerereni kuno kuchokera kwathu ku Dedza kudzaphunzitsa, ndipo sindinaonepo malaya awo atakwinyika. Ukhondo womwewo ndi umene unatilanda laibulale, ndipo mtima wanga sunaphwebe mpaka lero.

A Longwe anabadwira ku Sanga, mwana wa msodzi. Owadziwa kuyambira ubwana amati ankanyansidwa ndi fungo la nsomba ngati si nsombazo zinawalera. Anzawo akamakoka khoka, iwo ankaima patali, manja kumbuyo. Atamaliza sitandade 8 anapeza ntchito yoyala mabedi pa loji ina ku Kande, ndipo anakhalapo zaka makumi awiri ndi zinayi mpaka anafika pa ukulu wa onse oyeretsa zipinda. Kumeneko anatolako lamulo limene amalinena ngati vesi loloweza: chipinda chabwino ndi chimene mlendo akalowa aganize kuti simunagonemo munthu chimangireni. Tsitsi limodzi pa pilo unali mlandu. Nsalu ya pabedi ikachita banga losachoka inkatenthedwa kuseri kwa khitchini, kuti diso la mlendo lisaipeze. Zonse zikatha ankaika duwa pakati pa bedi n'kutuluka chafutambuyo, akusesa mapazi awo omwe.

Akazi awo, a Ellen, ndi mayi wopirira. Mipando ya pabalaza pawo idakali m'mapulasitiki amene inabwera nawo kuchokera ku Mzuzu, ndipo ana awo akula, akwatira, osadziwa kuti mipandoyo ndi yofewa kapena yolimba. Koma ndisawanamizire bambowa. Pa lojipo sanabepo ngakhale supuni, mowa samwa, ndipo kumaliro amafika oyamba. Akanakhala wakuba bwenzi nkhaniyi ili yosavuta.

Zaka zitatu zapitazo bungwe lina la ku Mzuzu linatibweretsera mabuku mazana asanu ndi limodzi ndi mashelefu ake. Mpingo unapereka chipinda cha pafupi ndi tchalitchi. Mfundo inali yomveka ngakhale kwa mwana: pakatha zaka ziwiri abungwe adzabwera kudzaona. Akapeza laibulale ikugwira ntchito, mabuku akhala athu ndipo awonjezera ena. Akapeza kuti sitikuwafuna, awanyamula kupita nawo ku Mpamba, kumene anthu anali atapempha kale.

Komiti itakhala pansi kuti isankhe woyang'anira, sipanakhale mkangano. A Longwe anali atangopuma kumene pa ntchito, Chingerezi amachitha, azungu sawaopa, ndipo zinthu amazisamala. Inenso ndinakweza dzanja. Dzanja langa lomweli.

Sabata yoyamba anaika beseni ndi sopo pakhomo. Tinati n'zabwino. Yachiwiri anayamba kununkhiza manja a anthu. Tangoganizani, kunyanja kuno, kumene munthu aliyense akapanda kununkha usipa ndiye kuti akununkha chinangwa choviika! Ana ankabwezedwa chifukwa cha mchenga wa kumapazi. Amene wadutsa mayeso onsewa ankapatsidwa buku limene a Longwe asankha, n'kumawerenga iwo ataima kumbuyo kwake ngati woperekera zakudya.

"Musalitsegule kwambiri, lithyoka msana. Chala musanyambite. Ama, chigongono pa tebulo ayi."

Kubwereka buku kupita nalo kunyumba anakaniratu, ati m'nyumba za anthu muli utsi. Nthawi yotsegula anasankha kuyambira 9 koloko mpaka 12, pamene ana ali m'kalasi, amayi ali kumunda, abambo akusoka maukonde. Nditawafunsa chifukwa chake, anandiyankha mosaphethira.

"Masana kumabwera anthu ambiri, aphunzitsi. Anthu ambiri, fumbi lambiri. Sitandadi imatsika."

Sitandadi imeneyo inakwera ndithu. Pomatha miyezi itatu m'laibulale munkalowa a Longwe okha ndi tsache lawo. Mabuku anawandanda potengera kutalika, aatali kumanzere, aafupi kumanja, moti buku la ulimi wa chinangwa linali pakati pa la nthano ndi la matenda a ana chifukwa choti ndi ofanana msinkhu. Pa tebulo lalikulu pankakhala duwa latsopano m'mawa uliwonse. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma muno ngakhale nyerere sinkaloledwa.

Ine masana ndinkaphunzitsa sukulu ya kwacha, amayi khumi ndi asanu ndi atatu ndi abambo awiri amene ankabwera mozemba. Pulogalamu ya bungwe inkati tizikumana m'laibulale. A Longwe anatipatsa mtengo wa mango wa kuseri. Nditalimbana nawo mwezi wathunthu, mpaka kukawanenera kwa abusa, anandipatsa katoni imodzi ya timabuku tosavuta makumi anayi. Anaitulutsa nkhope ili gwa, ngati akupereka mwana wawo wamkazi kwa mkamwini wachidakwa.

Mwa ophunzira angawo munali a Bertha Kamanga, mayi wa zaka makumi asanu, wogulitsa usipa pamsewu. Mwana wawo wamkazi ali ku Joni ndipo amalemba mauthenga pa foni. A Bertha ankapita ndi foniyo kwa anansi kuti awawerengere, choncho mwanayo atasiyidwa ndi mwamuna, msika wonse unadziwa mayi ake asanafike n'kunyumba komwe. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayiwa sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Kabuku kawo ankakaika m'dengu pamodzi ndi usipa, n'kumawerenga podikira makasitomala, chala chikuyenda pansi pa mawu, milomo ikugwedera.

Timabuku timeneto ndinkatilola kupita kunyumba, ndipo tinaona dziko. Tinada ndi utsi, tinachita madontho a mafuta, kena mbuzi inadyako ngodya, kena kanagwera m'madzi n'kuyanikidwa pa thandala la nsomba. Ka a Bertha kankanunkha moti mphaka ankakatsatira. Ine ndikationa mtima unkakhala m'malo, chifukwa tinkayenda m'manja ambiri: mayi akawerenga, ana ake ankatenga, kenako ana a mnansi.

Kalata itafika yoti abungwe abwera Lachinayi, a Longwe anandipeza pansi pa mango Lolemba, n'kundipatsa moni wa kuno.

"Mwe uli, aphunzitsi? Timabuku tija tibwere tonse mawa. Alendo akubwera."

Ndinakondwa, chitsiru ine. Ndinkati bamboyu wazindikira tsopano kuti umboni wathu ndi umenewu. Ndinayenda khomo ndi khomo kutolera. A Bertha anakakamira kawo, ati angotsala ndi masamba atatu kuti amalize buku loyamba m'moyo wawo. Ndinawalonjeza kuti Lachisanu likhala m'manja mwawo. Anachita kulipukuta ndi chitenje asanandipatse.

Lachitatu a Longwe anazungulira mudzi kuuza ophunzira anga kuti mawa asayandikire ku tchalitchi, chifukwa alendo safuna phokoso. Ku loji n'chimodzimodzi, anthu akumudzi amathera pa mpanda. Zimenezi ine ndinazimva mochedwa.

Lachinayi galimoto inafika cha m'ma 10 koloko. Munatuluka mayi wina dzina lake a Jessie, amene amayendera malaibulale a bungwelo, ndi mnzawo wonyamula kamera. A Longwe anawalandira atavala malaya oyera ndi tayi, thaulo laling'ono lili pamkono. Simenti inkawala ngati galasi. Duwa linali pa tebulo. Munalibe munthu wina aliyense kupatula ine, abusa ndi apampando a komiti.

A Jessie anasolola buku limodzi n'kulitsegula. Linalira kuti thee, kulira kwa buku limene silinatsegulidwepo. Anatenga lina, masamba ake anali omatirirana. Lachitatu chimodzimodzi. A Longwe ankamwetulira, chifuwa chili patsogolo.

"Monga mukuonera, madamu, ali mmene munawasiyira. Palibe ndi limodzi lomwe lothimbirira."

"Ndikuona, bambo," anatero a Jessie. "Nanga amene anthu amawerenga ali kuti?"

Apa ndinalowerera. Ndinafotokoza za sukulu ya kwacha, za timabuku makumi anayi, za a Bertha ndi dengu lawo. Nkhope ya a Jessie inayamba kumasuka. Anati tiwaonetse. Ndinatembenukira kwa a Longwe.

"Ada, katoni ija ili kuti?"

Anatsokomola pang'ono, n'kutsitsa mawu ngati akunena za matenda ochititsa manyazi.

"Aja anali atatha, aphunzitsi. Sakanaonetsedwa kwa alendo. Ndinawachotsa dzulo."

"Kuwachotsa kupita nawo kuti?"

Anatitengera kuseri kwa tchalitchi, ku dzenje la zinyalala. Phulusa anali atalisalaza bwinobwino ndi fosholo. M'mbali munatsala kachidutswa ka chikuto, kakuda, kopiringizika. Ndinafuna kuwagwira pakhosi ndi tayi yawo yomweyo, abusa ali pomwepo. Zimene ndinanena sindingazilembe pano, ndipo ndinakapepesa kwa abusa, osati kwa a Longwe.

Ndinapempha a Jessie kuti adikire pang'ono ndikaitane amayi adzawerenge pamaso pawo. Koma amayiwo, pomvera a Longwe, anali atabalalika, ena kumunda, ena kunyanja, a Bertha atakwera minibasi kukagulitsa ku Mpamba. A Jessie anayang'ana wotchi. Anali ndi malaibulale ena awiri oti awaone dzuwa lisanapendeke. Nawonso abungwewa ndilibe nawo mawu okoma: zaka ziwiri osapondako phazi, kenako n'kudzaweruza mudzi wonse pa mphindi makumi anayi. Koma ndinganene chiyani? Anaona mabuku mazana asanu ndi makumi asanu ndi limodzi osakhudzidwa, ndi dzenje la phulusa. Wakamera uja anajambula duwa.

Galimoto itapita, a Longwe anapukuta chogwirira cha chitseko n'kundiyang'ana.

"Mwakwiya chabe, aphunzitsi. Mwaona mayi uja anapititsa chala pa shelefu? Sanapeze kanthu."

Patatha milungu itatu lole inabwera. Mabuku anapakidwa m'makatoni, ndipo a Longwe anathandiza kupakira, akukalipira onyamula kuti asapinde ngodya. Mashelefu anapita nawonso. Ndamva kuti ku Mpamba mabukuwo ayamba kale kuda, ndipo ndikuwafunira kuti ade mpaka asadziwike mtundu.

Komiti sinawadzudzule. Apampando anati munthu wamkulu sachititsidwa manyazi, ndiponso kodi si ife tinamusankha? Pamenepo ananena zoona. Makiyi anawasiyira. Mpaka lero m'mawa uliwonse a Longwe amatsegula chipindacho, kusesa, kukolopa, n'kutseka. Tsopano afika pamene ankafuna: simuoneka ngati munalowapo munthu.

Lole ija itachoka, tsiku lotsatira a Longwe analemba chidziwitso n'kuchimata pa chitseko. Analemba ndi rula, zilembo zazikulu zofanana msinkhu, n'kuchikuta ndi pulasitiki. Masana ake ndinali pansi pa mango ndi amayi asanu ndi awiri amene anatsala, tikulemba pa mchenga ndi timitengo. A Bertha anatulukira ndi dengu lawo pamutu. Chiwatenthereni buku lawo anali asanandifunsepo za ilo, ndipo kusafunsako kunkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Sanabwere kwa ife. Anapita pa chitseko paja, anatula dengu, n'kuika chala pansi pa chilembo choyamba. A Longwe anali ataima pambali ndi thaulo lawo.

"La-i-bu-la-le," anawerenga a Bertha pang'onopang'ono. Anapuma, chala chinasuntha. "Ya-tse-ke-dwa."

Palibe anawathandiza. Aka kanali koyamba kuwerenga chinthu chimene sindinayambe ndawawerengera ine.

"Mwawerenga nokha, ama?" anafunsa a Longwe.

"Ndekha, ada. Mumalemba bwino. Yewo."

Anasenza dengu lawo n'kubwera kudzakhala pa mchenga ndi anzawo. Pa pulasitiki paja panatsala mzere wa mafuta a usipa, kuyambira pa chilembo choyamba mpaka chomaliza. A Longwe anauyang'ana nthawi yaitali, moti ndinayamba kuganiza kuti mwina china chake chalowa m'mutu muja. Kenako anachotsa thaulo pamkono n'kupukuta.