Anandiuza Kuti Wachedwa

Chingerezi ndinachiyamba ndili ndi imvi, ndipo sindinachiyambe chifukwa chochikonda. Sukulu ndinalekezera panjira, nditangodziwa kulemba Chichewa ndi kuwerenga sikelo kuti mavenda asandibere nandolo. Kwathu kuno ku Nkhulambe zimenezo zinkandikwanira. Koma mwana wanga wamwamuna, yekhayo pakati pa atsikana, anapita ku Joni kukagwira ntchito yosamalira maluwa, n'kukwatira komweko mkazi wosamva ngakhale zikomo. Anabereka kamtsikana. Akaimba foni ankayamba wacheza nane, kenako n'kupatsira mkazi wakeyo, ndipo ine ndi mpongozi wangayo tinkangomwetulirana pagalasi la foni ngati anthu okumana pachigayo injini ikulira.

Zinkandiwawa. Mayi anga ankayankhula Chilomwe, ine kumva ndinkamva koma kuyankha ndinkayankha m'Chichewa, ndipo anatsikira kulichete akudandaula kuti adzukulu awo sawamva. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi madando a ukalamba. Tsopano zinali zitandigwera ine.

Atabwera kudzationa chaka china, mwana wangayo anandisiyira foni yaikulu, yoyendetsa ndi chala.

"Amayi, muno muli aphunzitsi a Chingerezi," anatero. "Mukadina apa akuphunzitsani. Musaope, sakwapula."

"Iwe, ukufuna anthu azinena kuti nkhalamba ija yayamba kuyankhula yokha?"

"Nanga mdzukulu wanu mudzamufunsa bwanji ngati wadya?"

Pamenepo foniyo ndinailandira.

Netiweki yakwathu imasankha malo. Imapezeka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo ukapendeka pang'ono foni imakagwira ya ku Mozambique. Ndikaweruka kumunda ndinkayala chitenje pachulupo, khasu pambali, n'kutsegula phunziro. Mphunzitsi wake anali mayi wachizungu wa magalasi, woseka nthawi zonse ngati kwawo sikugwa maliro. Ankatchula mawu, n'kudikira kuti ndibwereze. Kundimva sankandimva, koma ndikangotsegula pakamwa ankandiyamikira, ngakhale ndikalipire mbuzi. Amayi opita kumjigo sankadutsa chete.

"Azungu, mwaswera bwanji uko ku Mangalande?"

Ndinkawauza kuti afulumire, zigubu zawo zikuwadikira.

Zambiri zimene ankaphunzitsa zinali za moyo wa eni ake. Ndinaphunzira kuitanitsa khofi m'malo odyera ndi kufunsa njira ya ku siteshoni ya sitima, ine woyenda pakabaza. Liwu la khasu sindinalimvepo, la maliro ayi. Koma phunziro limodzi linandilowa mumtima. Panali chithunzi cha bambo ataima pamsewu akuyang'ana wotchi. Wina akumuuza kuti, "The bus is late," basi yachedwa. Iye n'kuyankha kuti, "No problem, I will wait," palibe vuto, ndidikira. Ndinati eya, ichi ndiye Chingerezi chathu. Kuno chimene sichichedwa n'chiyani? Mvula imachedwa, feteleza amachedwa, minibasi ya ku Limbe imachedwa. Mawu amenewo ndinawabwereza mpaka anakhala ngati ndinabadwa nawo.

Tsiku limene ndinafunsa mdzukulu wanga kuti, "Did you eat?" iye n'kuyankha kuti, "Yes, Gogo," n'kundionetsa mbale yake, ndinalira pachulu pompo. Mpongozi wanga anaomba m'manja. Mwana wanga anali kumbuyo kwawo, akuseka mpaka kugwira pamimba, akuti amayi ake atsala pang'ono kulembedwa ntchito ku DC.

Panali madamu ena ophunzitsa pa pulayimale yathu, kwawo ku Ntcheu, amene ankagula mazira kwa ine. Iwowa ndi amene sankandiseka. Akabwera ankandiyesa mawu awiri atatu, n'kundiwongola lilime pamene Chilomwe cha mayi anga chalipinda.

Nyengo yokolola nandolo itayandikira, mwana wanga anati akubwera, ulendo uno ndi mkazi wake ndi mwana yemwe. Akwera basi pakati pa mlungu, Loweruka adzakhala ali pakhomo. Ndinazira nyumba, ndinabwereka matiresi kwa mlongo wake. Loweruka m'mawa ndinateleka kalongonda, nyemba zathu zija zofuna kuwiritsa ndi kutaya madzi mobwerezabwereza tsiku lonse, apo ayi zimazunguza mutu. Kuyambira ali wamng'ono mwana wangayo ankazikonda, ndipo ankati ku Joni kuli zonse kupatula zimenezo.

Dzuwa lili paliwombo ndinapita pachulu kuti ndimve pamene afika. Foni inalira ndisanakhale pansi. Anali mpongozi wanga, koma ulendo uno panalibe nkhope, mawu okha, ndipo anali osasa. Ndinati ndi kutopa kwa ulendo. Anayankhula zambiri mothamanga, ine osatolapo kanthu. Ndinamupempha monga anandiphunzitsira mzungu uja, kuti ayankhule pang'onopang'ono. Kenako anatchula liwu limodzilimodzi.

"Mama, he is late. Your son is late."

Ndinakondwa. Zoona zake n'zimenezo, ndinakondwa, chifukwa ndinamva zonse popanda wondimasulira. Mwana wanu wachedwa. Ndinawongola msana n'kuyankha momveka bwino, monga pa phunziro:

"No problem. I will wait."

Kenako ndinamva ngati munthu watsamwa, foni n'kuduka. Ndinati mayunitsi amuthera. Ndinabwerera kunyumba, ndinataya madzi a kalongonda, ndinasonkhezera moto, n'kuuza aneba kuti basi yachedwa, mwina aigwira pa boda.

Chakumasana madamu aja anabwera kudzagula mazira, ndipo ndinawalandira ndi matama.

"Madamu, lero ndacheza ndi mpongozi wanga ndekhandekha, Chingerezi chokhachokha!"

"Eee, mwakhoza amayi. Amati chiyani?"

Ndinawabwerezera. Anali akusankha mazira m'lichero, ndipo dzanja lawo linaima.

"Anatchula basi, kapena anatchula mwana wanu?"

"Mwana wanga. Si ali m'basimo?"

Anabweza dzira lija m'lichero mosamala kwambiri. "Tiyeni kuchulu, amayi. Tengani foni."

Anaimba okha, atandifulatira. Anayankhula motsitsa mawu kwa kanthawi. Atamaliza anatembenuka n'kugwada pafumbi, ndi siketi yawo ya kuntchito. Ndinakhala pansi pachulupo.

"Amayi, pepani. Liwu limenelija lili pawiri. La basi ndi kuchedwa. Koma kuno kwathu ndi ku Joni, akalinena pa munthu chonchija, ndiye kuti watisiya."

Mwana wanga galimoto inamugunda tsiku loti anyamuke, akuchokera kogula katundu wa ulendo. Anagona m'chipatala osatsegula maso, mkazi wake akuyembekeza kuti adzuka aimbe yekha, poti iyeyo akanandiuza m'chiyankhulo chanji? Anatsirizika m'mawa umenewo, ine ndikukoleza moto. Kalongonda uja anapserera mumphika, panalibe womukumbukira.

Imfa ya mwana sindingailongosole, amene anaikapo mwana akuidziwa. Koma pamwamba pake panali china chondidya usana ndi usiku. Mtsikana uja anali yekha pakhonde la chipatala m'dziko lakwawo, anafunafuna mawu ofewa oti auze mayi wa mwamuna wake, ndipo mayiyo anamuyankha kuti palibe vuto. Ndinamukwiyira mzungu wa magalasi uja koopsa. Anandiphunzitsa kugula khofi, osandiuza kuti liwu lomwelo likhoza kunyamula mtembo.

Thupi linabwera pagalimoto, Amalawi anzake a ku Joni atathandizana. Mpongozi wanga anabwera nalo, mwana atamusiya kwa amayi ake. Madamu anali atamufotokozera kale za kulakwitsa kwanga, komabe atalowa m'nyumba ya siwa sindinathe kumuyang'ana kumaso. Chingerezi changa chonse chinathawa. Anakhala pamphasa pambali panga, anandigwira dzanja, n'kunena liwu limodzi limene anamuphunzitsa m'njira.

"Pepani."

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mdzukulu wanga ndi wa anthu a ku Joni, ndipo amene ankandilumikiza naye tinamuika kumanda. Mpongozi wanga ndi wamng'ono, tsiku lina adzakwatiwa, ndipo palibe mlandu pamenepo. Ndinaona kuti ndikasiya kuyankhula ndi kamtsikana kaja, kadzakula kakungodziwa kuti bambo ake anali a ku Malawi, basi. Choncho mvula itayamba ndinabwerera pachulu. Mzungu uja ndinamupeza akusekabe. Amayi a kumjigo tsopano amadutsa mwakachetechete, ena n'kugwadako pang'ono, ndipo ndimalakalaka akanandisekanso.

Timaimbirana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Mlungu wina mpongozi wanga anasiyira mwana foni, iye n'kupita kukaanula zovala. Kamtsikanako kanayandikitsa nkhope pagalasi, dzino lakutsogolo litaguluka, mphumi ngati ya bambo ake. Kanayang'ana kumbuyo kaye, kenako kananong'ona.

"Gogo, they say Daddy is late. What time is he coming?"

Akuti adadi achedwa, abwera nthawi yanji. Ndinamva liwu lililonse, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala wosaphunzira. Mwanayo anamva monga ndinamvera ine. Matanthauzo onse awiri ndinali ndikuwadziwa tsopano, koma Chingerezi chofotokozera lachiwirilo ndinalibe, ngakhale Chichewa chake sindikudziwa ngati ndikanachipeza. Yankho la pa phunziro lija linafika lokha palilime, ndipo ndinalimeza. Ndinafunsa chokhacho chimene bambo ake anafuna kuti ndidzathe kufunsa.

"Did you eat?"

"Yes, Gogo."

Kanathamanga, foni ili kuloza kudenga. Pobwera kananyamula mbale yovundikira ndi inzake, ndi manja awiri kuti isagwe, n'kuionetsa pagalasi. Kanati iyi ndi ya adadi, kawasungira.