Mfuti Yoloza Kumbuyo

Pa fulati ya pansi pa yanga, ku Springburn, kuno kwa azungu, pankakhala mzungu wokalamba amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankayendetsa galimoto yophera akasinja. Tsiku limene anandionetsa kagalimoto kamtengo kofanana nayo, kosema okha, ndinati, "Bambo, kasinja wanuyu mfuti mwaiika chafutambuyo."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ameneyu si kasinja. Ndipo mfutiyo ili pamalo pake."

Anandifotokozera, ine ndikulemba, chifukwa chinthu chosalembedwa sindichikhulupirira. Mfuti imene inkaboola akasinja a adani inali yaitali ndiponso yolemera. Nthawi yopanga galimoto yatsopano panalibe, ndiye opanga anatenga kasinja wakale wamng'ono, n'kuchotsa mutu wake wozungulira, n'kukhazikapo mfutiyo. Ikanaloza kutsogolo bwenzi ikusomeka pansi pa dzenje lililonse, choncho anaitembenuza. Denga panalibe. Mvula ndi zidutswa za mabomba zinkangowagwera asilikali a m'katimo. Woyendetsa ankalowa patchire chobwerera m'mbuyo, n'kubisala. Akawombera mdani ankangochoka, osataya nthawi n'kutembenuka.

"A m'akasinja enieni ankatiseka," anatero. "Amati tinapatsidwa galimoto imene inayamba kale kuthawa."

Anasekerera, koma zinkawawawa. Ankaopa kuti adzakumbukiridwa ngati wothawa nkhondo. Ndinawalonjeza kuti ine ndikadali moyo, zimenezo ayi.

Atamwalira, mwana wawo wamkazi anandipatsa kagalimotoko, akuti analibe malo okasungira. Itayandikira Sabata yokumbukira ofera ku nkhondo, ndinakasiya kutchalitchi Loweruka, pamodzi ndi pepala lofotokoza zonse. Lamlungu ndinakapeza pa tebulo, mfuti ikuloza kutsogolo, guluu akununkhabe. Anachita zimenezi ndi mkulu wa mpingo mnzanga, wakwathu ku Malawi.

"Achimwene, takukonzerani," anatero. "Mfutiyi iyenera kuti inatembenuka m'basi."

"Sinatembenuke. Inapangidwa choncho."

"Msilikali kulozetsa mfuti kumbuyo? Ndiye ankawombera ndani, akazi awo?" Amene anaima pafupi anaseka. Iwo anatsitsa mawu. "Tisawachititse manyazi malemu, achimwene. Anali munthu wabwino."

Pepala langa anali ataikirapo botolo la maluwa, litanyowa. Polengeza anati ndi kasinja. Ndinafuna kuwatsutsa, koma pa Chichewa chathu liwu lina kulibe, ndipo kufotokoza kumafuna anthu omvetsera. Anthu anali atayamba kale kulunjika ku tiyi.

Kunyumba ndinayesa kumatula mfutiyo ndi mpeni. Mtengo unayamba kung'aluka, ndinaleka.

Kagalimotoko kali pa windo mpaka lero, kakuloza kumene sikanalozepo. Pepala ndinalilembanso, lili m'bokosi ndi mapepala anga onse. Ana anga anandiuza kale kuti mabokosi amenewa sadzawatsegula. Wodzachotsa katundu muno adzangoona kasinja wamtengo, wamfuti yoloza kutsogolo ngati ena onse.