Mutu Wopanda Chipewa ku Northbridge

Mukawaona a Lamson Msaiwale pa sitima ya ku Ellenbrook m'mawa, munganene kuti ndi munthu wofatsa ngati nkhosa. Mwalemba m'madzi! Bambo amenewa akati ayi, ndi ayi basi, ngakhale muwaitanire abusa ndi akulu ampingo onse.

Anabadwira ku Linthipe, ku Dedza, nakaphunzira za magetsi ku Lilongwe. Koma kumudzi ankadziwika ndi china: pakagwa zovuta, iwo anali mmodzi wa adzukulu, aja okumba manda ndi kunyamula bokosi. Ku Perth, ku Australia, anafika imvi zitayamba kale, pa viza imene inawatengera kampani ina ya zamagetsi ya ku Malaga, dera lina la mumzindamo. Ntchitoyo itati ithe, vizayonso ili m'madzi, ndipo Tawina, mwana wawo wa ku sekondale, n'kudzapezeka akulongedza zikwama. N'chifukwa chake Mayi Margreth, akazi awo, sankatopa kuwakumbutsa kuti, "Bambo a Tawina, pakamwa panupo muzipasiya pakhomo pano. Kuno n'kwa eni."

Tsiku lina kapitawo wawo, mzungu dzina lake Jeff, anawatenga kukaika magetsi mu holo ina ku Northbridge, momwe munkakonzedwa chionetsero. A Msaiwale analowa makwerero ali paphewa, helemeti ili kumutu, akuimba mluzu. Mluzuwo unathera pakhomo pomwepo.

Mayo ine! Munali anthu osendedwa khungu, minofu ndi mitsempha zonse zili pamtunda. Wina anamuimika ngati akumenya mpira, wina anamukhazika pampando, maso ali tong'o. A Msaiwale anafunsa ngati zinali zidole.

"Ayi, ndi matupi enieni, anawaumitsa ndi mankhwala," anatero Jeff m'Chingerezi. "Anthu azidzalipira kuti aone mmene thupi lilili mkati."

A Msaiwale anatula makwerero, navula helemeti, n'kuigwira pachifuwa. Nanga mwamuna wanji amaima pamaso pa maliro chipewa chili kumutu? Ngakhale chidakwa cha pa Linthipe chikakumana ndi maliro chimatsika panjinga n'kuvula kapusi.

Jeff si munthu woipa, tisamunamizire. Pamwamba pawo antchito ena ankapachika zitsulo, ndipo lamulo linali loti aliyense avale helemeti. Anawauza mofatsa kuti, "Lamson, vala. Awa si maliro, n'chionetsero."

"Anthuwa ankapuma?" anafunsa a Msaiwale. "Anali ndi amayi awo? Ndiye ndi maliro, bwana."

Anapempha kuti mwina awafunditse nsalu kufikira ntchito ithe. Eni chionetsero anakana, ati palibe wokhudza katundu wawo. Katundu! Liwu limenelo linawalasa a Msaiwale pamtima. Anati magetsi aika bwinobwino, koma mutu uli pamtunda. Jeff anafiira nkhope.

"Chipewa kumutu, apo ayi tuluka. Ndipo ukatuluka, ku Malaga usabwerenso."

Mantha anawagwira, tisabise. M'maganizo anaona nkhope ya Tawina, anamva mawu a Mayi Margreth m'khutu. Koma dzanja linakana kukwera kumutu. Anaika helemeti pansi, nawerama pang'ono kwa womenya mpira uja, n'kutuluka.

Kunja kunali mtengo wa bulugamu. Anathyola nthambi zamasamba naziyala pakhomo la holoyo, monga timachitira pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Azungu ankangozilumpha, khofi ali m'manja. Koma mayi wina wa ku Zambia, wovala yunifolomu ya osamala okalamba, anaima chilili. Dzina lake, anawauza pambuyo pake, linali Chishimba. Anachotsa zomvera nyimbo m'makutu, natsitsa mawu.

"Atate, maliro ya ndani?"

"Maina sanatiuze, mayi. Ndi alendo anzathu. Nawonso anabwera kuno pa ndege."

Mayiyo anaima nawo pamenepo, manja kumbuyo. Ndiye anatuluka Jeff, helemeti ija ili m'manja. Mkwiyo unali utamuthera, anachita ngati akupempha.

"Lamson, ganizira banja lako. Chotsa zinyalalazi, uvale ichi, tiiwale zonse. Anthu amenewo sakukuona, sakukudziwa n'komwe."

A Msaiwale anayang'ana helemetiyo nthawi yaitali. Thukuta linali kamukamu pamutu wawo wa imviwo, chifukwa ankadziwa bwino lomwe chimene akutaya.

"Ndaganizira, bwana," anatero. "Inenso mwina kwathu sindidzafikako wamoyo. Ndikadzagona m'dziko lanu lino, ndikufuna padzapezeke munthu mmodzi yekha wondivulira chipewa."

Helemetiyo sanailandire.