Sewero la Afisi

Achimwene anga anaphunzira kuliza limba ku mishoni kwathu ku Ngauma, koma nyimbo za m'tchalitchi sizinawakwane. Ankapeka masewero oimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, opanda wolankhula ngakhale mmodzi. Mawu ndi maimbidwe zonse zinali zawo. Zambiri zinkawabwerera tikusoka fodya m'chigafa. Ankatha kuima tsamba lili m'manja n'kunena kuti, "Mlongo, taimba ichi ndimve." Ndikaimba ankapukusa mutu, n'kusintha liwu limodzi, n'kundibwerezetsa. Sewero lawo lotchuka linali la mnyamata wobwera ku migodi ndi jekete lonyezimira koma wopanda khasu. Tinkalichita tikakolola, ndipo Asilamu a ku Mandimba ankabwera kudzaonera, achimwene n'kuwaikiramo ndime ya Chiyao.

Nkhondo itafika, amuna anga analowa m'tchire ndi anyamata ena a m'mudzi. Anangondiuza kuti akukadula nsungwi. Ndinatsala ndi mwana wamkazi wakumsana. Pasanapite nthawi asilikali a Chipwitikizi anatentha nkhokwe ndi zigafa zathu, natisamutsira kumudzi wozingidwa ndi waya pafupi ndi Mandimba. Popita kumunda tinkatuluka pachipata, sipayi, wapolisi wachikuda wa Apwitikizi, atagwira mfuti.

Shefi wa boma kumeneko anamva za achimwene, nawaitanitsa. Atabwerako anakhala pakhonde osavula chipewa.

"Akufuna sewero," anatero. "Anthu a m'tchire akhale afisi oba mbuzi. Pakhalenso mkazi wotemberera mwamuna wake amene anasanduka fisi."

"Mbali ya mkaziyo aimba ndani?"

"Za alamu shefi akuzidziwa. Akuti iweyo."

Ndinafunsa chimene chingachitike tikakana. Anati shefiyo anafunsa ngati mwana wanga wayamba kuyenda, kenako anatchula sitima ya ku Cuamba, imene inkatenga akaidi osabwereranso.

Achimwene anayesa kupeka nyimbo yosakoma, yoti anthu aiwale msanga. Zinawakanika. Ankachotsa mawu okoma, maimbidwe n'kutsala akugwirabe mtima. Ankaipitsa maimbidwe, kenako n'kuwakonzanso osadziwa, ali pa mzera wa madzi. Nyimboyo inali ya mkazi wouza mwamuna wake kuti asabwerenso, mphasa yake anaitentha kale.

Tsiku loyamba ndinaiimba masana pabwalo la mudzi wa wayawo. Apongozi anga aakazi anakhala kutsogolo, chifukwa asipayi anawakhazika pamenepo. Sanalire. Anandiyang'ana mpaka ndinamaliza, ndipo sanandiyankhulenso moyo wawo wonse.

Kenako anayamba kutikweza pa lole ya asilikali kupita kumidzi ina ya waya, mpaka ku Cuamba, kumene tinasewera kuseri kwa siteshoni. Asilikali sankamva Chinyanja koma ankaseka akaona afisi athu ovala ziguduli akukwawa. Choipa kwambiri chinali chakuti nyimbo ija inafala. Amayi ankasinjira nayo pamtondo, ena mwa iwo amuna awo ali m'tchire momwemo. Ndinamvapo mtsikana akuiimba mu Chimakuwa.

Mkulu wa afisi m'seweromo anali bambo wina wosoka zovala, wanthabwala, amene anavomera chifukwa ankakonda kuseketsa anthu. Tsiku lina anapita kumunda osabwerako. Tinakamupeza m'mphepete mwa chimanga chake, atamuveka chiguduli kumutu. Amene anamupha sitinawadziwe, ndipo palibe anafunsa. Akazi ake anadza pakhomo pathu atanyamula makina osokera, nawaika pansi patsogolo pa achimwene.

"Msokereni nsalu ya maliro," anatero. "Si inu munamuveka chiguduli poyamba?"

Maliro atatha, shefi anafuna sewero lachiwiri. Achimwene anapita okha kukamuuza kuti nyimbo zatha m'mutu mwawo. Anawatsekera. Atatuluka, manja awo anali otupa ngati maungu chifukwa chomenyedwa m'zikhatho ndi mbalamatodya, ndipo ndinkawadyetsa phala ndi supuni. Zala ziwiri za kumanja sizinawongokenso. Ine ndinasiya kuimba koma sanandigwire. Shefi anapeza mtsikana wina woimba nyimboyo, ndipo sewero linapitirira popanda ife.

Nkhondo itatha amuna anga anabwera, owonda, akutsimphina. Anaima pabwalo osalowa m'nyumba. Anati nyimboyo inawapeza m'tchire, anabwera nayo amayi othawa m'midzi ya waya, ndipo anzawo ankawaimbira powaseka.

"Maimbidwewo ndinawazindikira," anatero. "Sindinafunse kuti woimba anali ndani."

Ndinawafotokozera zonse, za shefi, za mwana, za sitima. Anamvetsera mpaka pomaliza. Anati akumvetsa, koma akandiyang'ana akumva nyimboyo. Anamupsompsona mwana pamutu, napita ku Cuamba, kumene anakwatira mkazi wina.

Ife tinabwerera ku Ngauma, tinamanganso pamabwinja athu. Achimwene sanakwatire. Ankalima chimanga ndi fodya, khasu atalimangirira nsanza kuti ligwirike. Aphunzitsi a pasukulu anawapemphapo sewero la ufulu, iwo anayankha kuti fodya wawachulukira. Nthawi zina ndinkawamva akung'ung'udza maimbidwe atsopano kumunda, ndikayandikira iwo n'kusiya. Anadwala chifuwa m'nyengo ya mvula ina, namwalira m'nyumba mwanga. Mwana wanga ndinadzamuuza nkhaniyi atakula, ali kale ndi ana ake.