Chigaza pa chitseko cha kontena

A Bwanausi a ku Chiuta anagwira ntchito padoko la Nacala zaka khumi ndi zisanu, koma sitima ya pamadzi sanaikwerepo. Ntchito yawo inkathera pachitseko cha kontena. Matumba a nandolo akadzaza, iwo ankaikamo mapiritsi ophera anankafumbwe, aja amatulutsa mpweya wakupha akangomva chinyezi. Ankatseka, n'kumata timipata tonse, kenako n'kumata pepala la chigaza cha munthu, lolembedwa tsiku ndi mawu oti PERIGO, kutanthauza ngozi.

Ineyo ndinagwira nawo zaka zinayi, ndipo kunena zoona ankanditopetsa. Dalaivala aliza hutala, shefi, bwana wathu, akalipa kuti sitima sidikira munthu, iwo ali phee, kusalaza pepala ndi chikhatho ngati akusita mkanjo wa Idi.

"Kuthamanga si kufika," ankatero. "Kutsidya kuli mwana wa munthu amene adzatsegule chitseko ichi. Sindimudziwa, koma ali ndi mayi ake."

Kwawo sankakamba za ntchito. Akazi awo, a Rashida, ankangodziwa kuti bambo amapha anankafumbwe a makampani, pamene chimanga chawo chikusanduka ufa m'matumba. Chaka chilichonse ankadandaula.

"Inu a Bwanausi, mankhwala anuwo ndi a eni sitima okha? Ife chathu chizidyedwa?"

Atapuma ntchito, anabwera ndi kachitini kamodzi kosatsegula, nati adzathira okha akamanga nkhokwe kuseri kwa nyumba. Anakabisa kudenga. Pachitinipo panalembedwa zonse, m'zilankhulo zitatu, koma a Rashida sankatha kuwerenga, sukulu yawo inathera pothawa nkhondo.

Kuthawako kunawaphunzitsanso china. Chibwerereni kuchokera ku Malawi, kumene anathawira n'kumaima pamzere kudikira chakudya, chimanga sankachisiya panja. Matumba ankawasanja kuchipinda, pafupi ndi mphasa, poti afikepo ndi dzanja.

Mvula zoyamba zitagwa, kunabwera uthenga wa maliro ku Amaramba. A Bwanausi anapalasa njinga, nakakhala masiku atatu. A Rashida posesa anapeza kachitini kaja. Anauza mnzawo Débora pachitsime, akuseka, kuti bambo akabwera apeza ntchito yawo yagwiridwa kale. Analowetsa mapiritsi m'thumba lililonse, natseka zenera kuopa mvula.

Tsiku lachitatu masana, a Bwanausi anamva fungo la mapiritsi aja asanatsike njinga. Ankalidziwa kuposa fungo la nyumba yawo. Anathyola chitseko, koma anali atachedwa.

Ndikakumbukira mtima umandiwawa, nthawi zina umandipsa ndithu. Masiku ano a Bwanausi amayenda m'misika, tsitsi lili mbuu, kuchonderera ogulitsa mapiritsi aja kuti aziuza ogula pakamwa, osangoloza pachitini. Ena amawaseka kuti mutu unabalalika.

Nditakawapepesa, anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Makontena onse aja, palibe ndi limodzi lomwe linachoka lopanda pepala," anatero. "Anthu osawadziwa ndinawachenjeza onse. Rashida sankafuna pepala, achimwene. Ankangofuna ndimuuze."