Zikhomo Zanga ndi Chisa cha Tsekwe

Inu adzukulu amene mwayamba kupempha malo omangapo kumunsi kwa dambo, tcherani khutu, pakuti dambo limeneli linatsala pang'ono kundinyenga ine.

Nkhondo itatha tinabwerera kuno ku Ngauma, ku Mozambique, kuchokera ku Malawi, ine ndi agogo anu aakazi, tili ndi khasu limodzi ndi mbewu ya mpunga m'kathumba. Pabwinja lathu sitinayerekeze kupondapo, poopa mabomba okwirira. Inali nyengo ya chilimwe, ndipo m'mphepete mwa dambo munali moyera, mosalala ngati mphasa. Ndinakhoma zikhomo zinayi za nyumba pamenepo, mtima uli m'malo.

M'mawa mwake anafika alamu anga, msodzi wachiyawo amene sanathaweko nkhondo. Anapalasa udzu ndi phazi pakati pa zikhomo, naonetsa chisa chakale, muli zikamba za mazira.

“Alamu, mukumanga nyumba kapena bwato?”

“Nyumba. Madzi ali kutali, simukuona?”

“Kumishoni anakuphunzitsani za chigumula cha m'buku, cha kwanu kuno ayi. Ichi ndi chisa cha tsekwe.”

Ananditengera m'dambo, tikuyenda ngati m'tulo, nthaka ikutulutsa nthunzi. Anati pamene pamamera kakombo madzi amamiza munthu, ndipo timbalame tomira timamanga zisa zoyandama, zomangirira ku mapesi. M'bango, mmene madzi amalekeza m'chiuno, mumaikira nkhuku zam'madzi. Koma tsekwe amafuna kamtunda ka udzu wautali kozingidwa ndi madzi a m'mawondo, kuti nkhandwe izengereze. Kamtundako ndiye kanali pabwalo panga.

Ndinanyinyirika masiku atatu, pakuti kumtunda kunali zitsa zoti ndizule. Agogo anu anangoti, “Bambo, mbewu ndi imodzi yomweyi. Ikanyowa tidzala chiyani?” Ndinasamuka, zikhomo ndinazisiya.

Mvula itakhwima, alamu anandikweza m'bwato mbandakucha. Nkhungu inali itagona pamadzi, mitambo ili pansi pathu, moti sindinadziwe ngati tikupalasa kapena tikuuluka. Tinadutsa pamene ndinkati padzakhala khonde. Zikhomo zitatu zinali zitamira. Pafupi ndi chachinayi panakhala tsekwe, akufungatira, natiyang'ana monga momwe mwini mudzi amayang'anira alendo. Kumtunda mpunga wathu unali utamera, nyumba ili youma.

Madzi saiwala khwawa. Musanakhome chikhomo, yendani m'udzu, mufunefune zisa zakale, ndipo mufunse amene anaona malowo m'dzinja. Mukapeza mazira, musatole.